Musanatulutse ng'ombe m'khola chifukwa cha chinjinga cha ku Joni

Abale anga a kuno kuchigwa, ndi inu amene muli ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Joni koma mchombo munasiya kuno, lero nkhani ya mbewu ndaiika kaye pambali. Ndikufuna tikambirane za njinga yamoto. Izi za kabaza tazizolowera, sindikunena zimenezo. Ndikunena zinjinga zikuluzikulu zothamanga zija, zokutidwa ndi mapulasitiki thupi lonse, zimene wokwera amachita kugonera pa thanki ngati mnyamata woba nzimbe akubisala alonda. Anyamata kuno zonse amangoziti Ninja, kaya ndi Honda kaya ndi Suzuki.

Zithunzi zake zachuluka m'mafoni, ndipo zimadziwa nthawi yobwera: anthu akangogulitsa chitowe ndi thonje, kapena akangokolola kudimba. Uthenga wake umafanana. Njinga ya 2001 kapena 2004, yayenda makilomita 70,000 kapena 90,000, mwini wake akufuna ndalama mwachangu, mtengo wake sukutalikirana ndi wa Lifo yatsopano ya m'sitolo. Mnyamata akaona chithunzicho tulo timatha. Amayamba kuyang'ana kukhola kwa bambo ake ndi maso ena. Pali makomo kumene nkhaniyi yafika kale pokanganitsa bambo ndi mwana, ndiye ndati ndilankhulepo poyera, wondida andide.

Maganizo anga ndi awa. Ngati mukukhala m'midzi yozungulira dambo lathu la Elephant Marsh, kaya ndi tsidya la Nchalo, Ngabu ndi Bangula, kaya ndi tsidya la East Bank, njinga imeneyi musagule, ndipo inu a m'tauni musatitumizire. Koma chifukwa changa chikusiyana ndi chimene ambiri akunena. Ambiri akuti, aaa, yayenda kwambiri imeneyo, yatha. Pamenepo ine sindikuvomereza.

Njinga zimenezi anazipanga anthu odziwa ntchito yawo. Kawasaki anatulutsa Ninja yoyamba mu 1984, Suzuki anabwera ndi GSX-R750 mu 1985, Honda ndi CBR600 mu 1987, Yamaha ndi R1 mu 1998 kenako mng'ono wake R6 chaka chotsatira. Zonse ndi za ku Japan. Injini zake, mwini wake akamasintha oyilo pa nthawi yake, zimatha kupitirira makilomita 100,000 osazitsegula. Njinga imene inkapita kuntchito tsiku ndi tsiku pa phula la ku Johannesburg, makilomita 80,000 kwa iyo ali ngati ng'ombe ya ngolo ya zaka 6: yakula ndithu, koma goli ikukoka bwinobwino. Ine imene ndimaiopa ndi ina ija, ya zaka 20 koma pa wotchi pakuoneka 15,000 basi. Imeneyo kapena wotchi anaisintha, kapena inagona m'galaja zaka zambiri, mipira yonse m'kati inauma gwa, thanki inachita dzimbiri. Njinga imawonongeka msanga ndi kungokhala kusiyana ndi kuyenda.

Nanga ngati injini ili bwino, n'chifukwa chiyani akugulitsa motchipa chonchi? Funso limeneli ndi limene mnyamata wa chithunzi uja safuna kulifunsa. Mwini wake ku Joni si wopusa. Wakhala pansi ndi cholembera. Matayala onse awiri atha. Tcheni ndi masipuloketi zatha. Mashoki akutsogolo ayamba kukha oyilo. Mbale za mabuleki zapyapyala. Nthawi yoyeza mavalavu yakwana, ntchito imene pa njinga zotere imabwera pakatha makilomita 24,000 pa zina, 40,000 pa zina, ndipo imadya tsiku lathunthu la makaniko wodula. Ataphatikiza zonsezi wapeza kuti zikufika theka la mtengo wa njinga yeniyeniyo, mwinanso kuposa. Ndiye waitsuka bwino, waipaka polishi, waijambula dzuwa likulowa. Mtengo wotsikawo ndi ngongole ya kukonza imene iye waizemba, ndipo wolipira ndinu. Chikomekome cha mkuyu chija, akuluakulu sananame.

Tiyambe ndi tayala, poti ndi limene lidzayambe kukuphunzitsani. Lakumbuyo pa njinga zambiri zotere ndi lotambalala masentimita 18, pa limu ya mainchesi 17, lopanda chubu. Mphira wake ndi wofewa dala kuti uzigwira phula pokhota, ndiye umatha msanga. Likakutumikirani makilomita 8,000 kapena 10,000 muthokoze. Tsono yendani pa Nchalo sitolo ndi sitolo, mupite pa Ngabu, mufike pa Bangula, mulifunse tayala limenelo. Adzakuyang'anani ngati mwafunsa tayala la ndege. Muyenera kulisaka ku Blantyre, likasowa muitanitse ku Joni komweko, mudikire basi kapena thiraki milungu iwiri. Pamene tayala la njinga ya kabaza, ngakhale pa msika wa tsiku limodzi pa sabata, mulipeza lapachikidwa pa msomali pafupi ndi makasu. Ndipo minga ya kuno mumaidziwa nokha.

Amakaniko athu a pansi pa mtengo ine ndimawapatsa ulemu. Mnyamata wa pa Nchalo angathe kumasula injini ya Lifo kapena Boxer m'mawa, pofika masana akukupatsani makiyi. Koma ija ili ndi pisitoni imodzi, pulagi imodzi, kabuleta imodzi, mavalavu awiri. Chinjinga tikunenachi chili ndi mapisitoni anayi, mapulagi anayi, makabuleta anayi, mavalavu 16. Kuti mungofika pamene pali pulagi muyenera kuchotsa mapulasitiki, kunyamula thanki, kuchotsa bokosi la mpweya. Makabuleta anayiwo ayenera kupuma mofanana, ndipo kuwalinganiza kumafuna chipangizo chake choyezera, khutu lokha silikwanira. Mavalavu ake sachuna ndi sipanala ngati a Lifo, amasintha tizitsulo ting'onoting'ono ngati timabatani ta malaya, tosiyana makulidwe, timene kuno simungatipeze. Makaniko wanzeru adzakuuzani chilungamo kuti bwana iyi ayi. Wina wofuna ndalama adzati tiyese, ndipo adzaphunzirira ntchito pa njinga yanuyo.

Zatsopanoko pang'ono, monga CBR600 kuyambira 2001 ndi R6 kuyambira 2003, zilibe makabuleta. Mafuta amaponyedwa ndi pampu ya magetsi, kompyuta n'kumayeza. Zimenezi n'zabwino kumene mafuta ndi oyera. Kwathu kuno, makamaka tsidya la East Bank, petulo wambiri timagula wa m'mabotolo ndi m'zigubu, wothira ndi fanulo yodula ku botolo la madzi. Mafuta akasowa m'dziko, monga zinakhalira kangapo kuchokera 2022, ngakhale wa pa M1 amathamangira chigubu chomwecho. Kanjinga kakang'ono kakameza zinyalala kamatsokomola, mumasula kabuleta, mupemerera, ulendo ukupitirira. Pampu ya chinjinga ikameza zinyalala imangofa, ndipo simungaikonze ndi waya.

Palinso china chimene anthu sachiganizira. Petulo wa m'Malawi muno amasakaniza ndi ethanol, ndipo ina mwa ethanol imeneyo imapangidwa kwathu konkuno, pa fakitale ya PressCane pa Dyeratu, kuchokera ku zotsalira za shuga wa ku Nchalo. Pa njinga yoyenda tsiku lililonse palibe vuto. Koma ethanol imakoka chinyezi. Njinga ikaima miyezi ndi mafuta m'thanki, pansi pamakhala madzi, dzimbiri limayamba, timabowo ta m'kabuleta timatsekeka, mipira yakale imafufuma. Tsono dzifunseni: kumudzi kwanu, kuyambira Disembala mpaka Epulo, chinjinga chimenechi chidzatuluka kangati? Chaka chilichonse chidzaima miyezi inayi, ndipo chaka chilichonse mvula ikatha mudzayamba ndi makaniko.

Ndikuti chidzaima chifukwa cha msewu, ndipo apa ndiye pagona nkhani yonse. Mimba ya njinga zimenezi ili masentimita 13 okha kuchoka pansi, kapena pamenepo. Tambasulani dzanja, kuchokera ku chala chachikulu kufika ku cholozera, mwaposa kale. Ndipo kumimbako ndi kumene kwadutsa mapaipi a ekizozi, ndi kumene kuli chibekete cha oyilo wa injini. Mwala umodzi wobisala mu mchenga, oyilo yense pansi. Inu a ku Livunzu, ku Nkhate, ku Masenjere, ku Muona, mukudziwa mmene mitsinje yotsika m'mapiri a Thyolo imausiyira msewu mvula ikagwa: miyala, mchenga, zigwembe. Inu a ku Ngabu mukulidziwa dothi la makande, limene likanyowa ngakhale nsapato limakuvulani. Pakati pa tayala lakutsogolo ndi chotchinga matope chake pamangokwana chala, ndiye makande akalowa pamenepo tayala limaleka kuzungulira, inu n'kugwa muli chiimire. Radiyeta ili kumbuyo kwenikweni kwa tayala lomwelo, matope onse amathera pa iyo.

Kutentha kwa kuno sindikufunika kukufotokozerani. Mwezi wa Okutobala ndi Novembala timapitirira madigiri 40. Injini ya chinjinga imazizira ndi madzi, ndipo madziwo amazizira bwino njinga ikamathamanga. Mukamakwawa mu mchenga pa giya yoyamba, radiyeta itamatidwa ndi dothi, fani imalira osapuma, moto wonse umakuthirani m'ntchafu. Kabokosi kamene kamatchajitsa batire, amakaniko amati regulator, kamatchuka ndi kupsa pa njinga zakale zoterezi ngakhale kumaiko ozizira, nanji kuno. Kakapsa batire imatha. Tsono mverani izi, anyamata: chinjinga chilibe kiki. Chimalira ndi batani basi. Batire ikatha muli pakati pa dimba, mukankha makilogalamu 200 mu mchenga, ndiye kuti matumba anayi a chimanga, dzuwa lili paliwombo.

Kuwoloka nakonso. Kuchokera pamene madzi anadula pa Mtayamoyo mu 1997, abale athu a ku Makhanga ndi ku Chiromo akhala akudalira bwato kuti afike pa Bangula, ndipo madoko ena ang'onoang'ono m'damboli ndi chimodzimodzi. Njinga ya kabaza anyamata atatu amainyamula n'kuigoneka m'bwato. Chinjinga chilibe pogwira, paliponse pulasitiki, ukagwira mwamphamvu imasweka. Mwini bwato wanzeru adzakana, ndipo adzakhala akukhoza, poti m'madzimo muli ng'ona ndi mvuu, si malo oyeserera katundu wopendeka.

Tsopano tifunsane, kumudzi njinga yamoto ntchito yake n'chiyani? Imapita kuchigayo ndi thumba. Imatenga dengu la mlamba ndi makakana ku doko m'mamawa kuti lifike pamsewu dzuwa lisanawononge. Imanyamula feteleza, mbewu, mankhwala a thonje, nthawi zina mbuzi yomangidwa miyendo. Ndipo usiku wina, pamene mayi ayamba kumva kupweteka nthawi isanakwane, kapena mwana wakomoka ndi malungo, njinga ija ndiyo ambulansi yopita ku Montfort, ku Trinity kapena ku Kalemba. Amakwera atatu, woyendetsa, wodwala pakati, womugwira kumbuyo. Malamulo salola, tonse tikudziwa, koma usiku umenewo palibe amafunsa malamulo. Chinjinga chilibe kaliyala. Mpando wake wakumbuyo ndi waung'ono ngati mbale ya ndiwo, uli m'mwamba, zopondera zili pafupi ndi matako. Mayi woyembekezera simungamukweze pamenepo. Ndiye mudzakhala ndi njinga yodula kuposa zonse m'mudzi ili pakhonde, inu mukugogoda pakhomo pa mnyamata wa kabaza amene munkamuseka.

Ndinachionapo chimodzi pakhonde la nyumba ina kufupi ndi msewu, chofiira, chokongola mpaka lero. Anachifunditsa chitenje. Pansi pake nkhuku inaikira mazira. Ana a pakhomopo amakwerapo n'kumalira ndi pakamwa. Chimene chinachiimitsa n'kachipangizo koti mungakabise m'thumba la malaya.

Mafuta sindikhalitsapo. Kuchoka pa Nchalo kupita ku Blantyre n'kubwerera ndi makilomita pafupifupi 160. Chinjinga cha 600 chidzamwa malita 9 kapena 10, mukachiyendetsa mwaulemu. Kanjinga ka 125 kapena 150 kadzamwa 4 kapena 5. Chulukitsani nokha ndi mtengo wa lero.

Chimene chikundipweteka kwenikweni ndi kumene ndalama yake ikuchokera. Kuno banki yathu ndi khola. Tinaona madzi a Januwale 2015, tinaona a Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Freddy mu Malichi 2023. Madzi akaphwa, kusiyana kwa makomo kumaonekera poyera. Amene anapulumutsa ng'ombe ziwiri zitatu amagulitsa imodzi, kugula chimanga, kugula mbewu yobzala pa chinyontho, ana kubwerera kusukulu. Amene alibe amalowa m'dambo kukazula nyika, ng'ona zili momwemo. Ndikudziwa kuti ng'ombe nazo zimapita ndi madzi, zimabedwa, ndipo matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka misika imatsekedwa, sugulitsa ngakhale uli pa mavuto. Zonsezo n'zoona. Koma ng'ombe yaikazi ukaisiya chaka umapeza ziwiri. Kwacha itagwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, wa ng'ombe mtengo wa ng'ombe zake unakwera nawo. Wa chinjinga chimene chinakwera ndi mtengo wa zipangizo, poti zonse zimagulidwa ndi randi kapena dola. Ndipo tsiku la mavuto mukafuna kuchigulitsa, wogula ali kuti? Ng'ombe mukaitulutsa m'mawa, madzulo ndalama ili m'manja. Lifo yakale anyamata a kabaza amailimbirana. Chinjinga chakufa mudzachijambula inunso dzuwa likulowa, n'kumatumiza m'mafoni kufunafuna wina wosadziwa.

Wina anena kuti mdala uyu ndi wansanje, safuna achinyamata asangalale, moyo ndi umodzi. Ayi, mwana wanga, chilakolako chimenecho ndikuchimva. Ukaimva ikulira pa msewu wowongoka wa pakati pa Nchalo ndi Ngabu, ngakhale ine khasu ndimaliimika kaye. Agogo athu pobwera ku Wenela ankabwera ndi wailesi, suti ndi njinga ya Humber, ndipo ankayenda nayo pang'onopang'ono pa bwalo kuti aliyense aone. Kudzionetsa sikunayambe lero. Koma Humber ija mawa lake inkapita kuchigayo.

Za ngozi ndinene mosabisa. Mphamvu ya chinjinga cha 600 imaposa ya njinga ya kabaza pafupifupi kakhumi. Chikanyamuka, pasanathe masekondi anayi chafika 100, ndipo chimatha kupitirira 240, liwiro limene pa M1 yathu lamulo silifika ngakhale theka lake. Zakale zimenezi zambiri zilibe ABS, ija imaletsa tayala kuuma ukaponda buleki modzidzimuka. Tsono M1 yathu si ya magalimoto okha. Ndi ya ng'ombe zopita kukamwa madzi, mbuzi, ngolo zopanda nyali, njinga zakapalasa zopingasa mitolo ya nzimbe ndi makala, ana a sukulu, mathirakitala, ndi tsiku la msika pamene msewu umasanduka bwalo. Mwina mwini wake ndi wodekha, chabwino. Koma m'mudzi chinthu sichikhala cha munthu mmodzi. Adzabwera alamu kudzabwereka, adzabwera mwana wa alongo anu kuti atsibweni ndingofika pa sitolo pomwepa. Mukakaniza muli wodzikonda, nkhani ifika mpaka kwa ankhoswe. Mukapereka, mwapereka kwa mwana amene dzanja lake linazolowera Lifo, kumene umapotokola mpaka kumapeto kuti ukwere kachitunda. Fupa la m'ntchafu likathyoka moipa ulendo ndi wa ku Queens, ndipo sapita yekha. Mayi ake kapena mkazi wake amakagona nawo kumeneko milungu, nthawi yobzala kudimba n'kudutsa. Banja limodzi, ngozi imodzi, zokolola za chaka chonse.

Pali munthu amene ndingamuuze kuti gula. Ndi amene akukhala m'mbali mwa phula, ali pa malipiro a mwezi, ali kale ndi china choyendera tsiku ndi tsiku, ndipo akudziwa kuti akugula chosangalatsa mtima monga ena amagulira masipika. Ameneyo ndalama ndi yake, ng'ombe za bambo ake sizikukhudzidwa. Inu achimwene amene muli otere, musagule pa chithunzi. Pitani nokha, kapena tumani munthu amene sadyapo kanthu pa malondawo, ndipo muuze wogulitsa asailize inu musanafike. Gwirani injini ndi dzanja. Mukaipeza yofunda, dziwani kuti pali chimene akubisa, poti matenda ambiri a injini amaonekera ikamalira yozizira. Utsi wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo. Utsi woyera wosatha injini itatentha, kapena oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi akulowa mosayenera, isiyeni. Phokoso la tsetsetse m'mbali mwa injini nthawi zambiri ndi tcheni cha m'kati chimene chalekerera. Tengani kamita ka magetsi, kaja amagwiritsa ntchito okonza masola, muyeze pa batire injini ikulira: payenera kuoneka pafupifupi 14. Mukaiyendetsa, ikokeni pa giya yachiwiri, muone ngati sikudumpha yokha.

Wotchi ya makilomita musaikhulupirire kwambiri, imasinthika. Yang'anani mphira wa zopondera, zogwirira, ndi mlomo umene umatsala m'mphepete mwa mbale ya buleki, zimenezo sizinama. Pa tayala pali manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka chimene linapangidwa. Tayala la zaka 7 ngakhale lili ndi mizere yonse ndi louma, muliwerengere ngati latha. Mapulasitiki onyezimira kwambiri pa njinga yakale amatanthauza kuti inagwapo, ndiye suzumirani kumene chiwongolero chimagunda chikafika kumapeto, ngati pali pophwanyika kapena powotcherera. Mabawuti oboola timabowo ndi chizindikiro choti inkathamanga pa bwalo la mpikisano. Mapepala a kumene inkakonzedwa, ngati alipo, ndi amtengo wapatali kuposa mawu onse a wogulitsa.

Chinthu chimodzi ife a kuchigwa timachidziwa kuposa makaniko wa m'tauni: fungo la chinthu chimene chinamira. Ku Durban madzi anamiza magalimoto ambiri mu Epulo 2022, ku Blantyre Freddy anachita zomwezo, ndipo zina mwa zimenezo zinatsukidwa n'kubwerera pa msika. Tsegulani mpando, nunkhizani. Solani polumikizira mawaya pamodzi, muone ngati muli kadothi kosalala kapena dzimbiri lobiriwira. Tsegulani bokosi la mpweya. Dothi la madzi osefukira limabisala m'makona momwe limabisalira m'nyumba zathu, chaka chonse ukusesa likutulukabe. Njinga yomira imalira bwino lero, magetsi ake n'kumafa limodzilimodzi.

Kenako mapepala. Nambala ya chasesi ndi ya injini zifanane ndi zimene zalembedwa, muwerenge nokha chilembo ndi chilembo. Ya ku South Africa ikhale ndi chikalata cha apolisi chotsimikiza kuti si yobedwa, ndipo mufunse kuti ili pa code yanji, chifukwa kumeneko code 3 ndi imene inaphwanyika n'kumangidwanso. Mtengo wa pa chithunzi si mtengo wofikira pakhomo. Pali wonyamula kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, pali msonkho wa MRA, pali kulembetsa ku Road Traffic, inshulansi ndi COF. Ikakhala ya m'Malawi momwemuno, bulubuku isinthidwe dzina nthawi yomweyo mwini wake akadali pafupi, osamvera zoti tidzapanga mwezi wamawa. Laisensi nayonso: A1 imathera pa 125cc, chinjinga chimafuna A. Lifo yopanda nambala imazemba m'njira za m'midzi, tonse timaziona, ngakhale sindikuyamikira. Chinjinga njira yake ndi imodzi yokha, ya phula, ndipo imadutsa pa Thabwa pamene apolisi sachokapo.

Tsopano kwa inu abale a m'tauni ndi a ku Joni, amene mumatikumbukira. Tikuthokoza, ndipo musatope. Koma musanatumize, imbani kaye mufunse kuti kumudzi kukufunika chiyani, ndipo mufunse amayi ndi alongo anu, osati mng'ono wanu yekha wa zithunzi uja. Mwina adzakuuzani pampu ya sola ya kudimba. Ngati ndi njinga ndithu, ndipo mtima wanu uli pa ya ku Japan yakale, zilipo zimene zinabadwira misewu ngati yathu. Alangizi a zaulimi, a zaumoyo ndi a mabungwe akhala akuyenda kuno zaka zambiri pa Yamaha AG 200, DT 125 ndi Honda XL, ndipo simunawaonepo pa Ninja. AG anaipangira alimi a ku Australia ndi New Zealand oweta nkhosa ndi ng'ombe. Mimba yake ili m'mwamba pafupifupi kuwirikiza kawiri ya chinjinga, tcheni chili m'bokosi kuti fumbi ndi matope zisachidye, kaliyala kutsogolo ndi kumbuyo, choimikira mbali zonse ziwiri, injini ya pisitoni imodzi yozizira ndi mphepo, ndipo kiki ilipo. Imeneyo ngakhale itayenda makilomita ochuluka, makaniko wa pa Bangula aidziwa ngati mwana wake.

Nayonso muiyeze ngati mmene ndanenera, yozizira, mapepala ali m'manja, poti za mabungwe zina zinazunzika m'manja mwa anthu khumi osiyana. DT mukumbukire kuti ili ndi kathanki kena ka oyilo wa 2T, ndipo kakauma pisitoni imagwira nthawi yomweyo, ndiye amene mukumupatsayo mumuonetse ndi chala. Ndipo ngati mukutumiza, ifike mwezi wa Seputembala kapena Okutobala, msewu ukadali wouma, kuti woyendetsa ayambe waizolowera mvula isanagwe. Muikemo ndi mahelemeti awiri.